Zimene Atuweni Anabisa M'kamwa

Kodi n'chifukwa chiyani Atuweni anasiya kudya nafe pathebulo? Tinkafunsana zimenezi Lamlungu lililonse kunyumba kwa makolo athu ku Evington, kuno kudziko la Angelezi, koma panalibe woyankha. Atuweni ndi mng'ono wanga. Tinakulira m'nyumba yopemphera: bambo ndi mkulu wa mpingo, amayi ndi namwino. Ine ndinakwatiwa, ndimakhala ku Wigston ndi mwamuna wanga ndi kamwana kathu kakakazi. Ndikulemba izi chifukwa ndikakayang'ana kamwanako ndimachita mantha.

M'chaka cha 2018 Atuweni anali ndi zaka 23, akugwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Zakumwa zotsekemera zimene ankamwa kuti apirire mashifiti aatali zinamuwoletsa mano. M'mwezi wa Malichi dokotala anamuzula mano asanu ndi limodzi akutsogolo, n'kumuika oikirira tsiku lomwelo, magazi asanaleke n'komwe. Anamulangiza bwino. Tsiku loyamba asawavule. Kenako aziwavula pogona, azichukucha m'kamwa ndi madzi ofunda amchere, ndipo abwerenso, chifukwa nkhama zikaphwa mano oikirira amayamba kugwedera ndi kucheka.

Atuweni sanabwerereko. Manowo sanawavulenso.

"Mwanawe, umavula manowo?" anafunsa amayi m'mawa wina.

"Ndimavula, mami."

"Nanga kapu yoviikamo mano ndinakupatsa ija ili youma bwanji?"

"Mukufuna mundione ngati nkhalamba za kuntchito kwanga?"

"Ndikufuna ndione chilonda. Zilonda ndiyo ntchito yanga ine. Chobisa chimawola, Atuweni."

Iye anangokwera kuchipinda kwake n'kukhoma chitseko.

Patapita milungu itatu, mano aja anali atakumba zilonda m'nkhama. Phala lenilenili linkamupweteka. Mankhwala ogula kusitolo anasiya kugwira. Mnzake wa kuntchito, Lusubilo, anamupeza tsiku lina atagwira tsaya.

"Iwe, ukuvutikiranji? Makiyi a kabati ya mankhwala si awo ali m'thumba mwako? Gogo wa chipinda chakumapeto amapatsidwa amphamvu kanayi patsiku."

"Kumeneko n'kuba, Lusu."

"Akanena kwa ndani? Amamumva ndani muno kupatula ife awiri?"

Gogoyo anali mayi Khairunisa, mmwenye wobadwira ku Limbe. Anathyoka chiuno, ndipo matenda oiwala anamuchotsera Chingelezi chonse. Chimene ankayankhula kwambiri chinali Chichewa cha ubwana wake. N'chifukwa chake ankamukonda Atuweni, n'kumamuitana kuti mwana wanga.

Atuweni anatenga piritsi limodzi. Ululu unazima, ndipo tsiku limenelo anadya mpunga koyamba. Mawa lake anatenga awiri. Lusubilo anasiya ntchito n'kupita kukagwira ntchito m'nyumba zosungiramo katundu ku Corby, Atuweni n'kutsala yekha ndi makiyi ndi chinenero. Pofika mwezi wa Meyi ankameza mapiritsi ngakhale m'kamwa musakupweteka. Kunyumba ankayankhula atatseka pakamwa ndi dzanja chifukwa cha fungo, ndipo kutchalitchi ankasinza ulaliki usanafike pakati.

Bambo anamuitana pabalaza.

"Maso akowa si a munthu wotopa ndi ntchito. Ukumwa chiyani?"

"Palibe, dadi."

"Ine ukhoza kundinamiza. Koma pali amene akuona."

Gogo uja anayamba kulira masana onse. Namwino wachizungu ankathamangira kwa Atuweni kuti amasulire. Gogo akati, "Chiuno chikuyaka moto, mankhwala sanandipatse," Atuweni ankati, "Akuti akumbukira kwawo." Anachita zimenezi kwa milungu isanu.

Lachinayi lina masana kunabwera a Siraj, mwana wa gogoyo, amene ali ndi sitolo mutawuni. Atuweni ankangowamva akuyankhula Chingelezi ndi mamanejala, choncho ankaganiza kuti Chichewa anachisiya kalekale pabwalo la ndege. Anaima pakhomo pamene namwino ankafunsa kuti gogo akuti chiyani.

"Mwana wanga, bwanji ukudya mankhwala anga?" anatero gogo, atagwira dzanja la Atuweni.

"Akuti akufuna tiyi," anatero Atuweni m'Chingelezi.

A Siraj analowa pang'onopang'ono. Sanakweze mawu. Anayankhula m'Chichewa chomveka bwino.

"Chemwali, tabwerezani zimene anena amayi angawa."

Atuweni anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Mano aja, amene anali atagwedera kale, anatsika n'kugwera pabulangete la gogo. Palibe anaseka. M'thumba la yunifolomu yake namwino anapezamo mapiritsi atatu.

Apolisi anabwera tsiku lomwelo. Ntchito inatha, ndipo dzina lake linalembedwa pamndandanda wa anthu osaloledwanso kusamalira okalamba kapena ana m'dziko muno. Bwalo la milandu silinamutsekere, koma mbiri yakeyo imatuluka paliponse pamene wafunsira ntchito. Mayi Khairunisa anamwalira mu Julayi. Amayi athu anapita kukapepesa, ndipo a Siraj anawalandira mwaulemu, koma anati, "Amayi anga ankapempha thandizo m'chinenero chanu, mayi. Chimenecho ndiye chikundisowetsa tulo."

Atabwera kuchokera kumeneko, amayi anamukhazika Atuweni pampando kukhitchini, n'kuyatsa tochi ya pafoni.

"Vula."

Anavula. M'nkhama munali mafinya ndi zoyera ngati mkaka wosasa. Amayi anamutsuka okha ndi madzi amchere, onse awiri akulira. Dokotala anati fupa linali litayamba kudyeka, ndipo anazula mano ena awiri. Kusiya mapiritsi kunamutengera miyezi inayi ya thukuta ndi kusanza.

Chenjezo langa ndi ili. Manyazi anabala bodza, bodza linabala kuba, ndipo amene analipira kwambiri ndi nkhalamba imene inkamukhulupirira. Mng'ono wanga sanayambe ngati wakuba. Anayamba ngati mtsikana wosafuna kuti mayi ake amuone wopanda mano.

Tsopano walapa, koma anthu akumuopa, ndipo inenso, ndinene zoona, sindinayambe kumusiyira mwana wanga. Lamlungu likubwerali akufuna kubwerera kutchalitchi koyamba. Chonde, mukamuona musamuyang'ane pakamwa. Mumupatse moni, ndipo mumusendere malo pabenchi.