Bong Tae-sik ndi Mpando wa Meya

Bong Tae-sik ankagulitsa msuzi wa nsomba pamsika wa kudoko, mumzinda wathu uno. Kalesitilanti kake kanali kopanikiza, denga lodontha, ndipo zovala zake zinkanunkha nsomba ngakhale mkazi wake Hye-ok azichape bwanji. Adapikisanapo kawiri pa ukhansala wa dera lake, ndipo kawiri konse adagwa. Omuvotera anali abale ake ndi nkhalamba zingapo zimene ankaziwonjezera msuzi.

Koma chimene chinkamudya mtima kwambiri sichinali umphawi. Anali Eom Jae-gil, mnzake amene adakhala naye benchi limodzi kusukulu. Eom anali ndi sitima zonyamula katundu, anali mkulu m'chipani, ndipo aliyense ankati meya amene analipo akadzapuma, mpando udzakhala wake.

Tsiku lina Eom adabwera pamsika ndi atolankhani kuti amujambule akudya ndi anthu wamba.

"Aise Tae-sik, mphika ukadali womwe uja wa malemu bambo ako?" adatero akuseka. "Usadandaule. Ndikadzakhala meya uzidzaphikira alonda anga."

Anthu adaseka. Tae-sik nayenso adaseka, namuwonjezera kimchi, ndiwo ija ya kabichi wowawasa. Koma alendowo atachoka, mawu aja adatsala akumubaya mumtima.

Mawa lake masana adakwera basi kupita kwa Mayi Ok, sing'anga amene andale ankatchula dzina lake monong'ona. Mayiyu sankakhala kuphiri ayi. Anali ndi chipinda pamwamba pa sitolo ya nsapato, mbendera yofiira ndi yoyera ili pazenera. Tae-sik adamupeza akusenda nachesi, atavala bwino ngati mphunzitsi.

"Ukununkha nsomba ndi njiru," adatero Mayi Ok osamuyang'ana. "Fungo la nsomba ndikhoza kulichotsa. Njiruyo isiye, ndiyo tigwiritse ntchito. Ukufuna chiyani?"

"Chuma, amayi. Pambuyo pake mpando wa meya."

"Chithumwa ndili nacho. Koma chimadya."

"Ndibweretsa mutu wa nkhumba, mowa, chilichonse chimene munganene."

"Mutu wa nkhumba ukapereke kwa asing'anga ovina pamaukwati." Mayi Ok adatsegula kabokosi natulutsa mkate wampunga woyera, uja timadya pazikondwerero. "Ndikakuitana uzibwera kudzatenga mkate ngati uwu. Uzimudyetsa ndi dzanja lako munthu amene angakuvotere ngakhale mzinda wonse utakulavulira."

"Nanga akadya?"

"Amapuma."

"Kupuma kwake kotani?"

"Nsomba ukamaiponya mumphika umayamba waifunsa?"

Tae-sik adafunsanso kuti, "Bwanji ndingomudyetsa Eom?"

"Mdani ndi wowawa, chithumwa chimamulavula. Chimafuna wotsekemera."

"Ndidzadyetsa anthu angati?"

"Zitengera kutalika kwa mpando umene ukufunawo."

Tae-sik adadzuka, nafika mpaka pakhomo. Adaima pamenepo nthawi yaitali, dzanja lili pachitseko, kuseka kwa anthu apamsika kukumvekabe m'makutu mwake. Kenako adabwerera natambasula dzanja. Mayi Ok adamupatsa mkate uja pamodzi ndi kathumba kofiira koti asokerere mkati mwa jekete.

Munthu woti amudyetse adamudziwa asanatsike n'komwe masitepe. Anali mlongo wake wamkulu, Sun-ye, amene adamulera mayi awo atamwalira. Sun-ye ankatumbula nsomba pamsika pomwepo, msana utapindika. Pazisankho zonse ziwiri zija adaima pamsewu m'chisanu atanyamula chikwangwani cha mlongo wakeyo. Tae-sik adadziuza kuti mwina kupumako ndi kamatenda chabe, koti achemwali ake asiye ntchito, iye aziwasamala ndi chuma chikubweracho.

"Achemwali, yasamulani, manja anuwo ali ndi mamba," adatero atawapeza pantchito.

"Iwe, unayamba liti kundidyetsa ine? Wapalamula chiyani?" adaseka Sun-ye. Adatafuna pang'onopang'ono. "Ngwokoma. Ukanasungirako mwana wako."

Sabata isanathe, Sun-ye adakhala pansi pa bokosi la nsomba kuti apumeko, ndipo sadadzukenso.

Maliro asanaiwalike, kudabwera anthu a kampani ina kudzagula dambo lopanda ntchito limene bambo ake a Tae-sik adamusiyira, chifukwa padali poti padutse msewu wa kudoko latsopano. Ndi ndalama zimenezo Tae-sik adamanga nyumba zoziziritsira nsomba. Chilichonse chimene wagwira chinkabala. Patapita zaka zochepa, asodzi amene kale ankamuitana "wamsuzi" adayamba kumuweramira n'kumati "bwana Bong". Adakhala khansala mosavuta, ndipo chipani cha Eom chidamulandira ndi manja awiri.

Hye-ok yekha ndiye sadasangalale. Adapeza kathumba kofiira kaja m'jekete, nakumbukira zimene amayi apamsika ankanena, kuti Sun-ye adadya mkate wa m'dzanja la mlongo wake. Sadafunse kanthu. Adangosiya kudya patebulo limodzi ndi mwamuna wake.

Meya wakale atalengeza kuti akupuma, chipani chidaitanitsa chisankho chachipulula. Mumzinda wathu aliyense ankadziwa kuti wopambana chipululacho ndiye meya, popeza zipani zina zinalibe mphamvu kuno. Opikisana adatsala awiri, Eom ndi Tae-sik. Mwana wa Tae-sik, Seul-gi, adasiya ntchito yake ku likulu kudzathandiza bambo ake. Ndiye ankawalembera zoyankhula, kuwakonzera tayi, ndi kuima nawo pamphambano m'mawa uliwonse kuweramira magalimoto popempha mavoti. Koma kafukufuku aliyense ankasonyeza kuti Eom ali patsogolo.

Foni yochokera kwa Mayi Ok idalira Tae-sik ali pamsonkhano wa oyendetsa mabasi. Adapita tsiku lomwelo.

"Wanenepa," adatero Mayi Ok, mkate uli kale patebulo. "Chithumwa chokha ndicho chaonda."

Tae-sik adati motsitsa mawu, "Mkazi wanga."

"Mkazi wako avotera Eom. Ameneyo adawawa kalekale. M'nyumba mwako mwatsala wotsekemera mmodzi."

"Seul-gi ayi, amayi. Tengani chithumwa chanu, ndachibweza."

"Bweza kaye achemwali ako pabokosi paja, nane ndilandira." Adamukankhira mkate uja. "Mavoti asanawerengedwe, akhale atadya. Ukapanda kutero uluza, ndipo sichidzathera pa kuluza. Chithumwa chikamva njala chimayamba kuyankhula. Mzinda wonse udzadziwa chimene chidapha Sun-ye, ndipo woyamba kumva adzakhala mwana wakoyo."

Tae-sik adayesa kuchenjera. Anali ndi anthu ambiri amene ankalumbira kuti angamufere. Adanyema kachidutswa nadyetsa wapampando wa gulu lomutsatira. Bamboyo adathokoza, ndipo mawa lake adabwera ali gwa, akupempha kontrakiti yokonza misewu. Adadyetsa dalaivala wake, adadyetsa mkulu wa asodzi amene ankamuitana mbale wake. Palibe ngakhale mmodzi amene adamva mutu. Khamu linkakuwa dzina lake m'misewu, koma iye tsopano ankadziwa kuti m'khamu monsemo mulibe womukonda. Tulo tidamuthawa. Mkate udatsala kachidutswa kamodzi.

Tsiku la chipulula, mamembala a chipani adadzaza holo ya masewero. Opikisana atayankhula, kuvota kudayamba, ndipo Tae-sik adakadikira m'kachipinda kakuseri pamodzi ndi Seul-gi. Kupyola khoma ankamva ng'oma ndi anthu akuimba dzina la Eom. Mmodzi wa anthu ake adasuzumira pakhomo, nkhope itagwa.

"Bwana, madera akumpoto atithawa. Posachedwa atsegula mabokosi."

Chitseko chitatsekedwa, Seul-gi adavula nsapato nakhala pampando.

"Ababa, musade nkhawa. Tikaluza tibwerera kumsika, ine ndizitsuka mbale. Msuzi wanu uja ndimaufuna kuposa zakudya zonse za m'mahotelazi." Adagwira pamimba. "Komatu njala. Chidzukireni sindinalawe kanthu."

Dzanja la Tae-sik lidali kale m'thumba. Adaganiza zoponya kachidutswa kaja m'chimbudzi. Adaganiza zokadya yekha. Kunja wina adakuwa pachimkuzamawu kuti, "Meya Eom!" ndipo holo yonse idayankha.

"Yasamula, mwanawe," adatero.

"Ngati ndili kamwana," adaseka Seul-gi, nayasamula.

Mabokosi atatsegulidwa, anthu adadabwa. Madera akumpoto omwe aja adavotera Bong. Adamukweza pansanja, namuveka nkhata ya maluwa, Eom namugwira chanza nkhope ili yotuwa. Tae-sik adakweza manja, maso akufunafuna mwana wake. Adamuona pafupi ndi masitepe akuomba m'manja. Kenako adamuona akutsamira khoma, n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka pansi. Madokotala adati ndi mtima, chifukwa chotopa ndi kampeni.

Pamaliro padabwera akuluakulu onse a mzinda, maluwa oyera atandanda mpaka panja. Hye-ok adadikira kuti mwamuna wake agwade kutsogolo kwa chithunzi cha mwana wawo, kenako adamufunsa anthu onse akumva.

"Bambo a Seul-gi, mwanayu munamudyetsa chiyani?"

Tae-sik adatsegula pakamwa kuti akane, koma chimene chidatuluka chidali kuseka. Adaseka mpaka kugwa chammbali, akung'amba jekete lake kufuna kuchotsa kathumba kaja, uku akutchula Sun-ye, Mayi Ok, mkate, zonse mwatsatanetsatane. Atolankhani adajambula.

Chipani chidamuchotsa chisankho chachikulu chisanafike, ndipo Eom ndiye adaima nakhala meya. Apolisi atapita pamwamba pa sitolo ya nsapato adapeza chipinda chopanda kanthu. Mlandu sudaimbidwe, pakuti madokotala adati Tae-sik mutu sukuyenda, namugoneka m'chipatala. Makina a nyumba zake zoziziritsira adafa m'chilimwe, nsomba zidaola, ndipo chuma chidatha msanga kuposa mmene chidabwerera. Hye-ok adapita kwawo kuchilumba.

Achipatala atamutulutsa, Tae-sik adayamba kuyendayenda pansi pa mlatho wa kudoko, wopanda nsapato. Akaona munthu amamugwira mkono n'kumuyang'anitsitsa m'maso, n'kufunsa mwaulemu, "Pepani, kodi inu mumandikonda?" Amene amaidziwa nkhaniyi amayankha msanga kuti ayi, n'kufulumira kuchokapo. Iye amagwedeza mutu ngati wapepukidwa, n'kupita kwa wina.

Umbombo ndi wotero. Umamuuza munthu kuti alibe kanthu, pamene chinthu chimene mzinda wonse sungamugulire chili m'nyumba mwake momwemo. Tae-sik anali ndi mavoti awiri osagula, ndipo onse adawapereka kuti apeze a anthu amene sankasamala za iye. Inu amene mtima ukuwawa poona mnzanu akukwera, pirirani ndi mphika wanu. Chuma chokhwimira sichidya mdani wanu. Chimadya amene amakukondani, ndipo akatha chimatembenukira kwa inu.