Nthabwala Yakwana, Msuweni

M'nyumba ya a Yoro Gaye, pamchenga wa mudzi wa asodzi wa Guet Ndar, munali mtendere. Sanali olemera. Anali ndi bwato limodzi lalitali, ukonde wa zigamba, ndi mwana mmodzi wamwamuna, Birane, amene anamugwiritsa nkhafi asanadziwe n'komwe kudziveka yekha. M'mamawa bambo ndi mwana ankapemphera pamphasa imodzi. Masana mayi ake, a Ndella, ankaika mbale ya mapira ndi nsomba pabwalo, ndipo aliyense wodutsa ankaitanidwa.

Masiku amenewo Afalansa anali atakhazikika pachilumba cha Ndar. Zombo zawo zazikulu sizinkatha kulowa pakamwa pa mtsinje chifukwa cha mchenga ndi mafunde, choncho zinkaima kunyanja, mabwato athu n'kumatuta katundu. Katundu wina anali wa miyendo iwiri, wopita kuminda ya nzimbe kutsidya kwa nyanja. A Yoro ankanyamula nsalu, zitsulo ndi madzi akumwa. Anthu omangidwa ankawakana.

"Bwato langa silinyamula munthu amene sanakwere yekha," ankatero.

Amene ankadutsa kawirikawiri nthawi ya chakudya anali Meissa Seck, mnzake wa Birane wopalasa naye, mwana yekhayo wa mayi wamasiye. Kwathu a Gaye ndi a Seck ndi asuweni a nthabwala. Akakumana amanyozana, aliyense kutcha mnzake kapolo wake, ndipo palibe amakwiya. Makolo anapangana kuti anthu otere asadzachitirane choipa mpaka kalekale.

"Wafika kapolo wanga uja," Birane ankatero. "Mphuno yako imamva nsomba ili m'nyanja."

"Khala chete, kapolo iwe. Ndabwera kudzaona ngati ukudyetsa bwino mbuye wako. Amayi, mupatseni minga uyu, mnofu ndi wanga."

A Ndella ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

Zinthu zinayamba kupendekeka pamene Birane anatola mawu angapo a Chifalansa padoko. Mzungu wina wogula anthu, dzina lake Bertin, anamumva, namuitanira mumthunzi wa nyumba yosungira katundu.

"Mnyamata wa lilime ngati lako n'kumapsa ndi dzuwa pankhafi? Talawa ichi."

Unali mowa wotentha wa kwawo. Birane anatsokomola, Bertin naseka.

"Koyamba umaluma. Kachiwiri umakupatsa moni."

Pasanapite nthawi mowa uja unkamupatsa moni tsiku lililonse. M'mawa mphasa ya pemphero inkakhala ndi munthu mmodzi. Nkhafi yake inauma padenga. Nsalu yabuluu ya ukwati ya mayi ake inasowa m'bokosi, ndipo a Ndella ataifuna nyumba yonse anangokhala pansi osafunsa aliyense.

"Mwana wanga," a Yoro anatero, "mzungu amene amakuthirira mowa osakuuza mtengo, mtengo wake ndiwe."

"Inu Bambo mwapalasa moyo wanu wonse. Mwapata chiyani? Ukonde wa zigamba."

"Ndapata tulo. Iwe uli nato?"

Birane anatuluka. Sabata yomweyo anayamba kukwera mabwato onyamula anthu omangidwa, kumawalankhula kuti akhale bata podutsa mafunde. Ankawauza kuti akupita kukalima nyengo imodzi, adzabwerera. Usodzi anausiyiratu. Anzake anayamba kumutalikira, kupatula Meissa.

"Kapolo wanga wanunkha ngati mgolo wa mowa," Meissa anatero atamupeza atagona pansi pa bwato logadabuzika. "Dzuka. Ndikagulitsa ndani iwe uli chonchi? Ngakhale mbuzi sangandipatse."

Anamunyamula paphewa mpaka kwawo.

Tsiku lina chombo china chinali pafupi kunyamuka. Bertin anamukana Birane mowa.

"Mgolo watsekedwa. M'chombomo afa anthu angapo, mkulu wa chombo akufuna mwamuna wamphamvu woti adzaze malo. Lero lomwe."

"Ndimutenga kuti?"

"Uja wamapewa otambalala uja. Ndimakumva tsiku ndi tsiku ukumutcha kapolo wako."

"Aa, zija n'zocheza. Ndi mfulu ngati ine."

"Ine Chiwolofu chanu cha nthabwala sindichidziwa. Ndimangomva mawu. Mfulu ya pa Ndar sitingaigwire, anthu angatiwukire. Koma akavomera yekha pamaso pa mkulu wa chombo kuti ndi wako, mlandu palibe. Ndikupatsa mgolo wathunthu, ndi nsalu, ndi mfuti."

Ludzu la mowa linali litamugwira Birane. Anayang'ana mgolo uja nthawi yaitali.

Birane anakamupeza Meissa akusoka ukonde.

"Tandiperekeza kuchombo, tikasiye madzi akumwa."

"Ha! Wakumbukira kuti nkhafi ili ndi mbali yogwira? Tiye, ndikaone chozizwitsa."

Anadutsa mafunde monga kale, mmodzi kutsogolo, wina kumbuyo, osafunika kuuzana kanthu. Atakwera m'chombo, fungo lochokera pansi pa matabwa linamutseketsa Meissa mphuno. Mkulu wa chombo anabwera, namuyang'ana mano ndi mapewa.

"Akufuna chiyani mzunguyu? Akufuna kundikwatira?"

"Akufunsa ngati ndiwedi kapolo wanga," Birane anayankha, maso ali kumbali. "Timuseweretse pang'ono. Vomera, tikaseke kunyumba."

Meissa anagwada mokokomeza, nawomba m'manja, nagwedeza mutu. "Inde, bwana, ndine wake. Amandidyetsa minga yokhayokha."

Amalinyero awiri anabwera ndi matangadza. Meissa anatambasula yekha miyendo, akuseka.

"Msuweni, umphawi wakowu! Mbuye weniweni akanandiveka zagolide."

Chitsulo chinalira. Mgolo unatsitsidwira m'bwato ndi chingwe. Birane anatsika pambuyo pake.

"Iwe, ukupita kuti? Kiyi ali ndi ndani?"

Birane anagwira nkhafi.

"Gaye! Nthabwala yakwana! Gaye, amayi akundidikira!"

Sanacheuke. Mathanga anakwezedwa, mphepo inawadzaza, ndipo mawu aja anachepa mpaka kumezedwa ndi mafunde.

Kumtunda ananena kuti funde lagubuduza bwato, Meissa n'kumira. Koma bwato linali louma, mgolo uli m'kati, ndipo asodzi ena amene ankabwerera nthawi yomweyo anali atamva kufuula kuja. Dzuwa lisanalowe Guet Ndar yense ankadziwa.

Birane anayembekezera zibonga. Anayembekezera kuti a Seck abwera ndi mipeni, kapena akulu amuitanira pabwalo. Palibe anabwera. A Yoro anatenga mgolo uja, naugubuduzira kumchenga, naubowola ndi nkhwangwa. Kenako anakoka bwato lawo mpaka pakhomo pa mayi a Meissa, nagwada.

"Kuyambira lero ndipalasira inu. Nsomba iliyonse ndi yanu."

Atabwerera anaima pakhomo, nalankhula ndi mwana wawo ngati mlendo.

"A Birane, mungatenge zovala zanu. Sindikutembererani. Pakamwa panga palibe mawu okwanira."

A Ndella anali kuseri kwa nyumba, atafunda mpango kumaso.

M'mawa mwake, pamsika, Birane anakumana ndi amalume a Meissa, munthu amene kale sankamudutsa osamutcha wakuba nsomba. Mkuluyo anapatuka panjira, naweramitsa mutu pang'ono.

"Mtendere ukhale nanu, a Gaye. Mwadzuka bwanji?"

Mawu amenewo anamulasa kuposa mkondo. Kuyambira tsiku limenelo zinali choncho kulikonse. A Seck onse, amuna ndi akazi, ngakhale ana, ankamupatsa ulemu wonse. Akafika pamene anthu akuseka, kuseka kunkaleka, wina n'kumupatsa mpando, onse n'kuchoka mmodzimmodzi. Mbale ikaikidwa pabwalo, maso ankamudutsa.

Anathamangira kwa Bertin.

"Bwana, ndilibe kogona. Ndipatseni ntchito."

"Ntchito? Iwe unagulitsa amene ankakunyamula utaledzera. Ine ungandigulitse ndi kapu imodzi. Choka."

Anamanga kachisakasa kumapeto kwa mchenga, kumene mtsinje umakumana ndi nyanja. Ankadya nkhanu ndi nsomba zotayidwa. Mowa anausiya, koma palibe anabwera kudzaona. Chombo chilichonse chikaima ankapalasa kabwato kobowoka kukafunsa amalinyero ngati anaonapo munthu wamapewa otambalala, woseka kwambiri, kuzilumba za nzimbe. Ankamuseka. "Kumeneko saseka," mmodzi anamuuza, "ndipo mayina awo timawasintha."

A Yoro anamwalira akupalasirabe mayi wamasiye uja. Pamaliro a Seck anabwera monga mwa mwambo, kudzanyoza malemu kuti olira apume. "Kapolo wathu wathawa ntchito! Wagona dala kuti asapalase!" Anthu anaseka m'kati mwa misozi. Birane anaima patali, kuseri kwa mabwato. Palibe anamuthamangitsa, palibenso anamuitana.

Anthu akubalalika, anaona mayi a Meissa akuyenda okha, atawerama ndi ukalamba. Anathamanga, nagwa pamapazi awo.

"Amayi, nditukwaneni. Ndimenyeni. Nditcheni kapolo wanu, kamodzi kokha."

Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali. Maso awo anali ouma.

"Mawu amenewo ndinkasewera nawo ndi abale anga," anatero. "Inu munawatengera kumsika. Pitani bwino, a Gaye."

Anamulambalala, napitiriza ulendo.

Birane anakhala zaka zambiri kumapeto kwa mchenga kuja, akulankhula ndi mafunde. Atamwalira, asodzi anadziwa chifukwa cha mbalame zimene zinkazungulira pa kachisakasa. Anamuika mwaulemu, mwakachetechete, popanda ndi mmodzi yemwe womunyoza.

Inu achinyamata, tchimo silibwera ndi matangadza m'manja. Limabwera ndi kapu, limakuyamikirani nzeru, limakuuzani kuti makolo anu ndi otsalira. Likakugwirani pakhosi limapempha chinthu chimodzi chokha, munthu amene amakukhulupirirani. Amene anagula anthu ndi kuwawolotsa nyanja adzayankha kwa Mulungu, ndipo amene anawatsegulira khomo la m'bale wawo adzayankha nawo limodzi. Kanani kapu yoyamba. Ndipo mnzanu akakutambasulirani miyendo akuseka, chifukwa sakuganiza kuti mungamupweteke, opani Mulungu. Mukamugulitsa, simudzapezanso wina woseka nanu.