Kabokosi ka m'chigayo cha a Alufeyo

Felista ankaanula ufa pamkeka dzuwa litapendeka, pamene chigayo cha amalume ake, a Alufeyo, chinayamba kulira chokha. Chitseko chinali chokhoma, eni ake ali pakhonde kusoka nsapato. Chinalira kanthawi n'kusiya, ndipo mphepo inabwera ndi fungo la lamba wopserera losakanikirana ndi la dothi lokumba kumene.

M'mawa mwake anamwalira mayi Ellina, amene dzulo lakelo ankapalira bwinobwino. Chitaliranso anapita Halidi wogulitsa matemba, anangogwa panjinga. Apa mudzi wonse, kuno ku Likoswe, unayamba kunong'ona kuti a Alufeyo akupha anthu n'kuwasandutsa ndondocha zowagayira. Amayi ankalolera kusenza chimanga mpaka ku Nguludi, ndipo podutsa pachigayopo ankayang'ana kumbali.

Felista anachita mantha kuti amalume akewo, amene anamulera mayi ake atamwalira, anthu awaotcha. Iyeyu anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, ndipo kabokosi koyatsa ndi kuzimitsa injini ya chigayocho anaikamo ndi iye. Ankati kabokosiko ndi kamene kasokonekera mutu, akangopeza polakwikapo anthu akhala chete.

Ndiye analemba pulogalamu yofufuzira zolakwika. Ntchito yake, monga ankafotokozera mwini wake, n'kugwira pulogalamu inzake pamkono, kuiimitsa pamene wafuna, n'kumaiyendetsa phazi limodzilimodzi mpaka uone pamene ikupunthwa. Chovuta chinali chakuti ubongo wa laputopu, wa foni ndi wa kabokosi aka sumva chinenero chimodzi, wina Chilomwe wina Chiyao, moti anachita kuiphunzitsa ubongo uliwonse pawokha. Pa laputopu inagwira, pa foni inagwira. M'kabokosimo anayenda phazi ndi phazi osapeza kanthu.

Anakagula kabokosi kena ku Limbe, ka ubongo wamtundu wina, n'kuyambiranso. Ngati vuto lili m'mtundu wa ubongo, ankatero, apa litha. Koma chigayo chinaliranso, ndipo anamwalira akazi a a Bakili.

Pochokera kumanda, anthu sanapite kwawo. Anadzaza pachigayo, a Bakili ali patsogolo ndi chigubu cha petulo. Felista anagwada. Anapempha kuti adikire chilire, iye achiimitse onse akuona, adziwe kuti ndi makina chabe. Analumikiza laputopu ku kabokosi.

Dzuwa litafika pamutu pa mibawa, chinayamba. Fungo la dothi linadzaza m'chigayomo. Felista anadina batani, pagalasi n'kuoneka kuti pulogalamu yaima, injini yauzidwa kuti izime. Koma lamba anapitirira kuzungulira, ndipo pansi pa phokosolo pankamveka ngati anthu akupuma movutikira.

"Waimitsa?" anafunsa a Bakili motsitsa mawu.

"Ndaimitsa."

"Nanga akugayawo ndani?"

Felista anayang'ana amalume ake. Akanatha kunama kuti chida chake chalephera, koma sananame, ndipo anthu anawerenga yankho pankhope pake.

"Bwereza, mwanangu," anatero a Alufeyo. "Mwina sunadine bwino."

"Amalume, pulogalamu yaima kale."

A Alufeyo sanadikirenso. Anatulukira pazenera lakuseri n'kulowa m'chimanga, miyala ikuwatsata. Wina anati anawaona akukwera minibasi ya ku Limbe, magazi ali chuchuchu kumutu, opanda nsapato. Anthu sanaotche chigayo poopa kuti ndondocha zingamwazikire m'mudzi. Anangodula mawaya a magetsi, n'kukhomera matabwa pachitseko, ndipo anabalalika akunena kuti mfiti yapita, mudzi upume.

Felista anazula kabokosi n'kupita nako kwawo. Anthu ankamuthokoza kuti sukulu yake yagwira mfiti. Masana ankangokhala pakhonde lija, kabokosi kali pamiyendo, kumakatembenuzatembenuza.

Maliro a akazi a a Bakili asanaiwalike, madzulo ena amayi akuchokera kumjigo, anaima panjira ndowa zili pamutu. Chigayo chinali kulira. A Alufeyo kulibe, mawaya ali lendelende pamtengo, kabokosi kali m'manja mwa Felista. Palibe amene anathamangirako. Aliyense anatembenuka kuyang'ana mnzake, kuti aone amene mawa adzakhale palibe.