Kotoha Akana Kuyang'ana Pansi

Kotoha ankafuna kuona kadamsana. Ankafuna kuona mwezi ukuphimba dzuwa.

Bambo ake anamugulira magalasi akuda a pepala oonera dzuwa. Kotoha anawaponya m'chikwama, pamodzi ndi timitengo todyera mpunga.

Tsiku lija linafika. Kotoha ndi Bambo anakwera sitima mpaka ku munda wa zomera wa pa yunivesite. Anthu anali mbwee!

Pachipata panali Aphunzitsi a Kuroda. Ankafufuza magalasi a mwana aliyense. Anatenga a Kotoha. Anawayang'ana kutsogolo. Anawayang'ana kumbuyo.

"Pepa, mwanawe," anatero. "Pali kabowo apa. Dzuwa lingakuwononge maso."

Anawaika m'thumba mwawo. Magalasi ena apadera anali atatha. Bambo nawo analibe.

Kotoha sanakhulupirire. Kabowo? Iye sanakaone!

"Ababa," ananong'ona, "mayi awa akufuna magalasi anga."

"Ayi, iwe," anatero Bambo. "Timitengo tako tija ndi timene taboola."

"Nanga awaikiranji m'thumba?"

Kotoha anayamba kuwalondola. Aphunzitsi akapita uku, iye komweko. Akapita uko, iye komweko. Maso ake anali pa thumba lija basi.

Aphunzitsi anaima pansi pa mtengo waukulu wa kusunoki. Anayala nsalu yoyera.

"Bwera, mwanawe. Uyang'ane pansi apa."

"Pansi?" anatero Kotoha. "Dzuwa lili kumwamba! Mukufuna kundipusitsa."

Anapinda manja. Anatupitsa masaya. Koma mwana ameneyu, makani!

Kunja kunayamba kuzizira. Mbalame zinangoti zii.

"Kadamsana wayamba! Wayamba!" anafuula anthu a magalasi.

Mtima wa Kotoha unawawa. Aliyense akuona. Iye yekha ayi. Misozi inalengeza m'maso. Anaweramitsa mutu kuti aibise.

Pamenepo anaona.

Pa nsalu paja panali timadzuwa. Timadzuwa apa. Timadzuwa apo. Tonse tinali topindika ngati tinthochi.

"Kuwala kukudutsa m'timipata ta masamba," anatero Aphunzitsi. "Kampata kalikonse kakuonetsa dzuwa. Mwezi ukaphimba lakumwambalo, apanso zioneka."

Kotoha anakayikabe. "Mwina mwachita kujambula pa nsalupa."

"Yesa ndi dzanja lako."

Kotoha anatambasula dzanja. Kadzuwa kanatera pachikhatho pake. Anafumbata. Kadzuwa kanakwera pa zala zake. Sikanali kojambula ayi!

Kotoha anachita manyazi. Anawerama.

"Pepani, Aphunzitsi. Ndimayesa mwandibera."

Aphunzitsi anaseka. "Ndimakuonatu, wapolisi wanga."

Bambo anavula chipewa. Nawonso anawerama kuthokoza. Timadzuwa tinatera pa dazi lawo. Mutu wonse ngwee!

"Ababa, musadzuke!" anafuula Kotoha. "Kadamsana ali pamutu panu!"

Bambo anakhalabe chiweramire.

"Fulumira kuonera, mwanangu," anatero. "Msana ukundiwawa!"