Hedifoni Yachinayi ya Bambo Abdullah

Goodwin ananyamuka ku Biwi, kwa bwana wake, maminibasi atagona kale. Mwana wa mchemwali wangayu, mutu ngati dzungu koma makutu ngati a mbewa, anali atangoyamba ntchito kwa bambo Abdullah, aja ojambula vidiyo m'maukwati. Tsiku limenelo ukwati unatha mochedwa, azimayi atavina mpaka zidendene za nsapato kuthyoka.

Anyamata a bambo Abdullah pojambula ankavala mahedifoni opanda waya, aja okhala ndi kamtengo kofika pakamwa. Bwana akanong'ona ali kuseri kwa holo, onse ankamva m'khutu. Malamulo ake anali ouma. Mawu akati kumanzere, iwe kumanzere, osafunsa. Ndipo ngakhale mkodzo ukuthine bwanji, suvula, suchoka pamene akuimika, mpaka bwana anene ndi pakamwa pake kuti, "Tatseka, vulani."

Akavula, yotsalayo inali ntchito ya Goodwin: kupukuta thukuta la anzake pa masiponji ndi sipiriti, kuchotsa mabatire, n'kulongedza m'bokosi. Bokosilo linali ndi malo anayi, koma mahedifoni atatu. Tsiku lina atafunsa, bwana anangoyang'ana kumbali n'kuyamba kukamba za mpira.

Usikuwo ku Biwi magetsi anazima, chonsecho mawa lake kunali chinkhoswe.

"Ukatchaje kwanu ku Chipasula," anatero bambo Abdullah. "Koma mabatire akhale pawokha m'thumba. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

Anamva ndani! Atangokhota, mphepo ya Juni inamuluma timakutu tija. Anatulutsa hedifoni yake ya nambala thuu, n'kuvala kuti masiponji amufunditse. Sizinamukwanire. Anaikamonso batire kuti kanyali kofiira kaziyaka, ati atsikana amuyese woyendetsa ndege. Atsikana ake ati nthawi imeneyo? Agalu okhaokha.

Analowa njira yachidule, ija yolambalala manda n'kutsikira pa kamlatho ka matabwa. Nyumba zinatha. Mitengo ya kumanda inangoti bii. Ndipo m'khutu mwake munayamba kuwawaza, ngati mbatata ikagwera m'mafuta pachiwaya.

Phokoso limenelo ankalidziwa. Tizipangizoti sitimva patali. Mnzako akakhala kutsidya kwa bwalo la mpira kumamveka kuwawaza kokhakokha, akamayandikira m'pamene mawu amayera. Kuwawaza ndiye kuti kwinakwake, munthu wina wayatsa yake.

"Nambala thuu... nambala thuu, ukundimva?"

Goodwin anaima. Anatsegula bokosi n'kupapasa. Mahedifoni awiri ena aja analimo, ozizira. Mabatire awo anali m'thumba la buluku lake.

"Ndani kodi? Kings, usandiseweretse iwe!" anatero, poyesa kuti ndi mnzake wa kuntchito.

"Tsika... kumanzere pang'ono... eya, choncho."

Mudziwe kuti thupi la munthu wolembedwa ntchito n'lopusa kuposa mutu wake. Mutu unati thawa. Miyendo inamvera mawu. Kumanzere. Kutsika. Kumanzerenso. Kuwawaza kuja kunayamba kuchepa... kuchepa... mawu akuyera.

Anazindikira phazi litaponda m'madzi ozizira. Sanali pamlatho ayi, anali pansi pake!

Anasolola batire n'kuliponya. Kanyali kanazima.

"Usazimitse, nambala thuu. Bwana sanatseke."

Mawu anali gwa, opanda kuwawaza ngakhale pang'ono. Ndipo sanali m'khutu mokha.

Anatembenuka pang'onopang'ono. Pamwala panaima munthu wamtali, shati yoyera, tayi wakuda, ngati wochokera ku ukwati. Juni mtsinje umakhala wofika m'kakolo, koma munthuyo madzi anali chuchuchu, kutsika m'tsitsi, m'manja, m'matumba. Kumutu anavala hedifoni. Masiponji anali atavunda, ndere zikulendewera pa kamtengo ka pakamwa. Kanyali kake kokha kakuyaka, psuu.

"Galimoto ya mkwatibwi sinadutsebe," anatero munthuyo. Milomo siinkayenda. "Ndaima kalekale. Miyendo yatopa. Bwera undilandire."

Anatambasula dzanja. Goodwin anamva phazi lake likusuntha lokha. Limodzi. Linalo. Madzi anafika m'mawondo... madzi amene kunalibe!

"Ta... tatseka, achimwene!" anakuwa. "Vulani!"

Munthuyo anapendeketsa mutu.

"Iwe si bwana."

Dzanja lija linafika pa phewa. Kuzizira kwake, Goodwin akuti mpaka lero akasamba madzi otentha malo amenewo satenthedwa. Apa mutu wa dzungu uja unagwirako ntchito kamodzi pa moyo wake wonse.

"Ndi... ndikawaitane bwanawo. Anene okha."

Zala zija zinamasuka pang'ono.

"Fulumira," anatero munthuyo, dzanja likutsetsereka. "Ndili pambuyo pako."

Liwiro lake! Nsapato imodzi inatsala m'matope, koma bokosi la eni ake sanataye, ulemu umenewo timupatse. Manda anawadutsa osawaona. Kumbuyo sanacheuke. Hedifoni yopanda batire inali ikadali kumutu, ikuwawaza... kusiya... kuwawaza, ngati munthu wotsalira n'kupezanso.

Anamenya geti la bambo Abdullah ndi zibakera zonse. Anatsegula ndi mayi Fatu, akazi awo, nyali m'manja, bwanayo akubwera pambuyo atafunda bulangete. Atamukokera m'nyumba n'kukhoma chitseko, Goodwin anafotokoza zonse. Iye atatchula za galimoto ya mkwatibwi, mayi Fatu anatembenukira kwa amuna awo.

"Ndinakuuzani ine, bambo a Raisa," anatero motsitsa. "Ndinakuuzani kuti mwana uja simunamumasule."

Bambo Abdullah anakhala pansi pa simenti.

"Ndi Medson," anatero. "Nambala folo. Chaka cha njala chija, ukwati wa mu Febuluwale, ndinamuimika pamlatho womwewo kuti galimoto ikamatulukira atiuze, tiyatse makamera. Kumtunda kunagwa chimvula. Madzi anabwera, anthu akumukuwira kuti choka, iye akuti bwana sanatseke. Galimotoyo inazungulira njira ina. Ife tinajambula ukwati mpaka kutha, ine n'kuiwala kuti ndaimika munthu. Mtembo tinaupeza kumunsi. Tinakamuika kwawo ku Dowa, ine ndinanyamula nawo bokosi. Hedifoni yokha sitinaipeze."

Anavula hedifoni kumutu kwa Goodwin, navala yekha. Sanafunse za batire.

"Nambala folo," anatero. "Medson, mwana wanga. Tatseka. Vula."

Kunja agalu onse a Biwi anasiya kuuwa.

"Zikomo, bwana."

Onse atatu anamva. Mawu oyera, opanda kuwawaza. Ndipo onse atatu ankadziwa kuti tizipangizoti sitimva patali.

Anayang'ana pansi. Kunsi kwa chitseko madzi anali kulowa pang'onopang'ono, onunkha matope a mtsinje. Kenaka pakhonde panamveka kanthu kakuikidwa pansi mosamala, monga muja amaikira munthu wodziwa kusamala katundu wa bwana wake.

Palibe anatsegula mpaka kunacha. Atatsegula, anaipeza pakhonde: hedifoni ya nambala folo, ndere zokhazokha, batire litachotsedwa n'kuikidwa pambali pake, monga mwa lamulo.