Netiweki ya Pakhola la Mbuzi

Mzime anakhala pakhonde ndi pepala la homuweki pamiyendo, cholembera chili m'kamwa. Mafunso analipo atatu okha. Kwanu mumapeza bwanji intaneti? Chithunzi chimene aphunzitsi atumiza chatenga nthawi yaitali bwanji kuti chitseguke? Funso lachitatu ndi limene linamuumitsa pakamwa: munaima pati poyesa?

Yankho lake linali pamaso pake pomwepo. Bambo ake, amene anali kalipentala, anali padenga la khola la mbuzi, mwendo wina pamakwerero, dzanja la foni lili m'mwamba ngati mwana wofuna kuyankha funso m'kalasi. Pakhomo ponsepo netiweki inkapezeka pamenepo basi. Akafuna kutumizira makasitomala zithunzi za zitseko ndi mipando, ankakwera pomwepo, kaya kukutentha kaya kukuwaza.

"Chatseguka, Bambo?" anafunsa Mzime.

"Mutu wa munthu waoneka, koma mapewa akadali m'njira. Werengabe, mwana wanga."

Chithunzicho chinatha kutseguka patapita mphindi zisanu ndi ziwiri. Bambowo anatsika akupukuta thukuta, akuseka, n'kubwerera kukapala matabwa awo. Mzime sanaseke nawo.

Chaka chathachi anatumizapo uthenga wa mawu pagulu la kalasi yawo ataima padenga lomwelo. Ali mkati molankhula, tonde analira pansi pake ndi mawu onse. Anzake anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo kwa temu yathunthu aliyense ankati akamuona, "Meee." Amene ankatsogolera zimenezi anali mwana wa mwini chigayo, mtsikana amene kwawo intaneti ankaitsegula atagona pabedi. Tsopano aphunzitsi a masamu anali atanena kuti aliyense adzawerenga mayankho ake pamaso pa kalasi, kenako mapepala onse adzapita ku komiti ya makolo. "Lembani zoona zokhazokha, chifukwa pali ntchito imene mapepalawa akagwire," anatero.

Mzime anayang'ana khola lija, nayang'ana pepala. Pa funso lachiwiri analemba kuti masekondi asanu ndi atatu. Pa lachitatu analemba kuti pabalaza, pampando wa sofa. Mumtima anati, kapepala kamodzi pakati pa mapepala makumi asanu kangasinthe chiyani? Sanafune kukumbukira kuti m'kalasi monsemo, wochokera kuseri kwa phiri anali iye yekha.

M'mawa mwake anawerenga mayankho ake mutu uli m'mwamba. Mwana wa mwini chigayo anatembenuka.

"Masekondi asanu ndi atatu? Mbuzi zija zayamba kupereka netiweki?"

"Zinthu zimasintha," anayankha Mzime, ndipo palibe anaseka. Tsiku limenelo anapita kwawo akumva kukoma.

Sabata yonseyo kalasi inali pa ntchito yofananiza. Aphunzitsi anagawa bolodi patatu. Njira yoyamba inali bandulo ya pafoni: yotsika mtengo poigula, koma kumalo kumene netiweki ndi yofooka imatha munthu asanaone chimene amafuna. Yachiwiri inali kabokosi kotchedwa rauta, kamene mtengo wake unali ngati wa zitseko ziwiri. Kamathamanga bwino, koma pokhapokha ngati netiweki imafika kale m'nyumba. Yachitatu inali mlongoti wautali wokhala ndi mbale pamwamba, wokoka intaneti kuchokera kutali n'kuigawira nyumba khumi. Umenewu unali wachangu kuposa zonse, ndipo nyumba khumi zikagawana malipiro a pamwezi, aliyense amalipira zochepa kuposa za bandulo. Vuto linali kuudzala, chifukwa mtengo wake unkafuna munthu wogulitsa ng'ombe.

Lachinayi aphunzitsi anaulula nkhani yonse. Bungwe lina linali litavomera kudzala milongoti itatu mwaulere kumalo amene netiweki ndi yovuta kwambiri, ndipo malowo adzasankhidwa potengera mapepala a kalasi. Mzime anakumbukira masekondi asanu ndi atatu aja. Akanatha kupita ku ofesi ya aphunzitsi nthawi yopuma kukaulula bodza lake, ndipo anafikadi pakhomo pake. Koma anaona mwana wa mwini chigayo akutuluka ndi makope, iye n'kunamizira kumanga chingwe cha nsapato.

Kunyumba anapeza bambo ake akusita malaya awo oyera. Anali atamva kale za milongoti kwa wapampando wa komiti, ndipo anali atayenda khomo ndi khomo mpaka kupeza mabanja asanu ndi anayi ovomera kugawana nawo malipiro. Mutu umodzi susenza denga, ankatero. Anansiwo anawasankha kuti akawaimire kumsonkhano wa Loweruka.

"Ife ndiye sitingalephere," anatero akutembenuza kolala. "Mphindi zisanu ndi ziwiri! Alipo angatipose pa umphawi wa netiweki? Unalemba bwinobwino, eti?"

"Ndinalemba, Bambo."

"Ndiye basi. Amayi a nyumba ya pamphambano akuti aziona nkhope ya mwana wawo uja ali kunja, osati kumangomva mawu odukaduka."

Loweruka masana holo ya sukulu inadzaza. Makolo anakhala pamabenchi kutsogolo, ana anaima kumbuyo motsamira khoma. Aphunzitsi anapachika mapu aakulu amene anajambula pamanja. Malo a netiweki yabwino anawapaka mtundu wobiriwira, ovuta anawapaka wofiira. Mzime anafufuza kuseri kwa phiri ndi maso, ndipo anapeza pali pobiriwira ngati dimba.

Mayina a malo atatu anawerengedwa, anthu akumeneko n'kuomba m'manja. Kalipentala anadikira phokoso lithe, kenako anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Pepani aphunzitsi, mwina khutu langa laphonya. Kuseri kwa phiri sindinakumve."

Aphunzitsi anafufuza m'mapepala awo. "Inu muli ndi mwayi, bambo. Kwanu chithunzi chimatseguka m'masekondi asanu ndi atatu, muli khale pabalaza, pa sofa. Mlongoti simukuufunikira. Mungogula rauta, ikukwanirani. Ndi zimene walemba mwana wanu."

Bambowo sanatembenuke kuti amuyang'ane. Anazunguza chipewa chija m'manja kamodzi, kawiri. Kunyumba kwawo kunalibe sofa. Kunali mipando inayi ya matabwa imene anakhoma okha.

"Ngati mwana wanga walemba choncho," anatero pang'onopang'ono, "ndiye kuti ndi choncho. Zikomo." Anakhala pansi.

Akanakalipa, Mzime akanapirira. Akanamutchula kuti wabodza pamaso pa anthu onsewo, akanalira n'kuiwala. Koma bambo ake anasankha kuoneka ngati munthu wadyera, wopempha chimene ali nacho kale, kuti mwana wawo asachite manyazi. Bambo wina pabenchi la kumbuyo ananong'oneza mnzake kuti anthu ena sakhuta, ndipo Mzime anamva. Manyazi amene anamugwira pamenepo sanali ngati a tsiku la tonde lija. Awa ankawotcha m'kati.

"Aphunzitsi." Mawu a Mzime anatuluka aang'ono, moti anabwereza. "Aphunzitsi, ndinanama."

Mitu yonse inatembenuka.

"Chithunzi chinatenga mphindi zisanu ndi ziwiri. M'nyumba sichitseguka n'komwe. Bambo anachita kukwera padenga la khola la mbuzi. Timakwera pamenepo tonse, ngakhale anansi athu amabwera kudzakwera."

Mnyamata wina anayamba kuti "Mee," koma mawuwo anafera m'khosi chifukwa panalibe womuthandiza. Mwana wa mwini chigayo ankayang'ana zala za kumapazi kwake.

Aphunzitsi anavula magalasi n'kutikita m'maso. Anayang'ananso mapepala a malo atatu aja. Oipitsitsa mwa iwo anali ndi mphindi zinayi.

"Mukanakhala oyamba," anatero motsitsa mawu. "Koma mndandanda tinasainira Lachisanu, ndipo bungwe lagula kale zipangizo. Ndilemba kalata yofotokoza, koma ndisakunamizeni. A bungwewo akadzabweranso, ndi chaka chamawa."

Njira yobwerera inali yaitali kuposa masiku onse. Kalipentala ankakankha njinga, Mzime akutsatira pambuyo. Anadutsa pamsika, anawoloka mlatho, anayamba chitunda. Atafika pamwamba, pomwe madenga a kwawo amayambira kuoneka, Mzime sanathenso kupirira.

"Bambo, ndikhululukireni. Ankandiseka."

"Ndikudziwa kuti ankakuseka. Inenso amandiseka ndikakwera paja. Makasitomala amandifunsa ngati mbuzi ndi mlembi wanga." Anaimika njinga. "Ine ndakukhululukira kalekale, muholo momwe muja. Koma madzi amene watayawa sanali anga ndekha. Kumunsiku kuli mabanja asanu ndi anayi amene akudikira kuti ndiwabweretsere mlongoti."

"Mukawauza kuti chiyani?"

"Ine sindikawauza kanthu. Si ine ndinalemba."

Mzime anayang'ana madenga aja n'kuwawerenga ndi maso. Kenako anayamba kutsika. Bambo ake anatsalira pansi pa mtengo ndi njinga yawo.

Nyumba yoyamba inali ya pamphambano. Amayi a pamenepo anali panja akuanula zovala, ndipo atamuona anaponya nsalu paphewa n'kubwera akumwetulira.

"Mzime, mwabwerako? Tandiuza msanga, adzala liti? Ndamuuza kale mwana wanga kuti mwezi wamawa tizionana maso ndi maso."

Mzime anagwada pafumbi, manja ali pamaondo.

"Amayi, khalani pansi kaye," anatero. "Mlongoti subwera, ndipo wolakwa ndine."