Mazira Amene Lushomo Anatsuka

Lushomo anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Nkomeshya ndi atate ake, a Tenson. Lushomo ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna anapiye.

Sankafuna anapiye a pamsika wa ku Chongwe ayi. Ankafuna anapiye a nkhuku za amayi ake.

Amayi ake anali atangomwalira kumene. Anadwala masiku atatu okha. Pamaliro panabwera anthu ambiri. Ena anachokera ku Bundabunda. Ena anabwera pa minibasi kuchokera ku Lusaka. Analira. Anaimba nyimbo. Koma wolira maliro nayenso amamva njala.

Nkhuku za amayi zinalipo khumi ndi imodzi. Zinalowa mumphika imodziimodzi. Ngakhale tambala sanapulumuke.

Inatsala nkhuku imodzi yokha. Dzina lake linali Mawanga. Anthu sanamuone. Anali kuseri kwa khitchini, m'dengu lakale. Anali atafungatira mazira khumi. Amayi ndiwo anaika mazirawo m'dengu asanadwale. Anawaika ndi manja awo.

"Atate, Mawanga azaswa liti?" anafunsa Lushomo.

"Nkhuku ikhalira mazira masabata atatu," anayankha atate. "Limodzi lapita. Umusamale, mwana wanga. Tambala kulibe manje. Mazira awa ni omaliza."

Atatero ananyamula khasu. Anapita kudimba ali wera.

Lushomo anasamaladi Mawanga. M'mawa ankamupatsa gaga. Ankamupatsa madzi. Ankamupatsanso moni.

"Wauka bwanji, Mawanga?"

"Krrrr!" ankayankha Mawanga, nthenga zili nyankhalala.

Mawanga analibe ulemu ngakhale pang'ono. Ukamuyandikira, jompho! Ukamuyang'ana, krrrr! Koma nkhuku yofungatira imatero. Lushomo sankakwiya.

Kamodzi pa tsiku Mawanga ankatsika m'dengu. Ankadya mofulumira. Ankamwa mofulumira. Ankasamba fumbi mofulumira. Kenaka ankathamangira ku mazira ake.

Tsiku lina Mawanga atatsika, Lushomo anasuzumira m'dengu. Mayo ine! Dzira limodzi linali litasweka. Mazira enawo anali atada. Anali ndi matope. Anali ndi zitosi. Udzu unali utamatirira.

Lushomo anamva chisoni. Amayi sankakonda litsiro. Mbale ikada, ankatsuka. Kapu ikada, ankatsuka. Lushomo akada, ankamusambitsa ndi sopo mpaka m'makutu.

"Mazira a amayi sangakhale na dothi," anatero Lushomo.

Anatenga beseni. Anathiramo madzi ozizira. Anatenga sopo wonunkhira. Anatsuka dzira loyamba. Anatsuka lachiwiri. Anatsuka lachitatu. Anapukuta lililonse ndi chitenje. Mazira anayera kuti mbee!

Atatsuka lachisanu ndi chiwiri, Mawanga anatulukira. Anabwera ngati kamvuluvulu. Jompho pa dzanja! Jompho pa mwendo!

"Iwe, Mawanga! Nikuthandiza chabe!" analira Lushomo.

Mawanga sanamve. Anakhala pa mazira ake. Mazira awiri anatsala osatsuka. Lushomo anadandaula kuti ntchito sinathe. Sanauze munthu aliyense.

Masiku anapita. Lushomo ankawerenga ndi zala. Zala za kumanja zinatha. Za kumanzere zinatsala pang'ono kutha.

Kenaka kuseri kwa khitchini kunayamba kununkha. Fungo lake linali loipa. Ntchentche zinabwera.

Pafupi ndi kwa Lushomo kunkakhala mayi wina, dzina lake Lister. Anali mnzawo wa amayi. A Lister ankaweta nkhuku zambiri. Tsiku limenelo anabwera kudzaona Lushomo. Atangofika anagwira mphuno.

"Hmm! Apa pali mazira osukusa," anatero a Lister.

Anadikira kuti Mawanga atsike. Anatola dzira limodzi. Analigwedeza pang'ono pafupi ndi khutu. Linalira kuti khuchukhuchu. Anatola lina. Khuchukhuchu. Anatola linanso. Khuchukhuchu.

"Mulibe mwanapiye umu," anatero. "Koma nanga aya ayera bwanji chonchi? Anatsuka ndani?"

Lushomo anayang'ana pansi.

"Nine, Ba Anti," anayankha motsitsa mawu. "Anali na dothi. Ninatsuka na sopo."

A Lister anakhala pansi. Anamugwira dzanja.

"Lushomo, dzira lili na chovala chake. Sichioneka na maso. Chimatchinga matenda kuti asalowe. Ukatsuka, chovala chichoka. Dzira liola."

"Sininadziwe, Ba Anti."

"Nidziwa kuti sunadziwe."

A Lister anachotsa mazira asanu ndi awiri oyera aja. Anakawakwirira kudzala. M'dengu munatsala awiri okha. Anali akuda aja, osatsuka aja.

Lushomo analira. Analira kwambiri. Analira ngati tsiku la maliro.

Atate anabwera kuchokera kudimba. Anamupeza atakhala pafupi ndi dengu. Maso ake anali ofiira.

"Atate, napha anapiye a amayi," anatero Lushomo. "Nine ninatsuka mazira."

Atate anaika khasu pansi. Nawonso mtima unawawawa. Kenaka anamunyamula ndi kumuika pamiyendo.

"Madzi akatayika saoleka, mwana wanga," anatero. "Unatsuka chifukwa unawakonda. Atsala angati?"

"Awiri chabe."

"Awiri ni awiri. Tiye tiyembekeze."

Anatsala masiku anayi. Lushomo sanagwirenso dzira. Ankabweretsa gaga. Ankabweretsa madzi. Kenaka ankakhala patali, manja ali kumbuyo.

Tsiku loyamba, zii. Tsiku lachiwiri, zii. Tsiku lachitatu, Mawanga sanatsike n'komwe. Gaga anadyedwa ndi mpheta.

"Atate, Mawanga adwala?" anafunsa Lushomo ndi mantha.

"Awe, sadwala. Amvera ana ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kudekha n'kovuta ukakhala ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Koma Lushomo anadekha.

Tsiku lachinayi linafika. Dzuwa linatuluka. Lushomo anapita kuseri kwa khitchini. Anagwada. Anatchera khutu.

Poyamba sanamve kanthu. Kenaka anamva kamawu kakang'ono.

"Piyo."

Lushomo anasendera pafupi.

"Piyo, piyo."

Kamutu kanatuluka pansi pa phiko la Mawanga. Kanali kakuda, kofewa ngati thonje. Kamutu kena kanatuluka mbali ina. Aka kanali kachikasu. Anapiye awiri! Onse awiri amoyo!

Lushomo anadumpha. Anaiwala zonse. Anathamangira kunyumba akufuula.

"Amayi! Amayi! Bwerani muone! Mawanga waswa!"

Anafika pakhomo. Anaima. M'nyumba munali zii. Apo m'pamene anakumbukira. Misozi inatsika.

Atate anali pakhonde, akunola khasu. Anamva zonse. Anaimirira pang'onopang'ono. Nawonso maso awo anali ndi misozi.

"Niuze ine, Lushomo," anatero. "Niuze zonse zimene unafuna kuwauza."

Lushomo anapukuta misozi ndi dzanja.

"Alipo awiri, Atate. Wina ni wakuda. Wina ni wachikasu. Wakuda ali na mwano monga mai wake."

Atate anaseka, misozi ikali m'maso. "Tiye unionetse."

Anagwirana manja. Anapita kuseri kwa khitchini. Anagwada onse awiri.

"Krrrr!" anatero Mawanga.

"Pepani, mayi," anatero atate. "Tabwera kuona ana chabe."

Lushomo anathira madzi pa kambale kosazama. Atate anasinja chimanga kuti chikhale chosalala. Mawanga anatsika m'dengu. Anaitana ana ake kuti kukuku. Anapiye anamutsata akudzandira. Anajompha. Anagwa. Anadzukanso.

Tsiku limenelo atate sanapite kudimba. Anadula nsungwi. Analuka chitete chachikulu chovindikira anapiye, kuti kabawi asawaone. Lushomo ankawapatsira nsungwi imodziimodzi.

A Lister anabwera kudzaona. Anaomba m'manja.

"Eya! Nkhuku za mnzanga sizinathe!"

"Sizinathe, Ba Anti," anatero Lushomo. "Zilipo zitatu."

Anawerenganso ndi chala kuti atsimikize. Imodzi. Ziwiri. Zitatu.